Galu amene ndinamutaya ndamupeza akuyendera mateyala

Lachiwiri lapitali ndinakana galu wanga pagulu. Palibe anandiopseza, palibe anandigwira pakhosi. Galuyo anali pamapazi panga akundinyambita nsapato, munthu n'kundiuza kuti galu uyu akukudziwani, ine n'kuyankha kuti, "Iyayi, agalu amangondikonda basi."

Inu amene mumawerenga danga lino sabata ndi sabata mukundidziwa bwino. Ndine uja ndimakalipira a kabaza othamanga mosaona kutsogolo, ndimanyoza otaya zinyalala m'ngalande, ndipo mwezi wathawu ndinatha tsamba lonse kudzudzula ana amene amaiwala makolo awo kumudzi. Ena munanditumizira mauthenga ondiyamikira, ine n'kumayenda mapewa ali m'mwamba. Lero chala chija ndachilozetsa kwa mwini wake, ndipo kunena zoona sizikukoma.

Ndinanyamuka pa Liwonde, pomwe ndimakhala, pa njinga yanga yamoto kupita ku Nsanama kukagula mpunga ndi nandolo. Nditatsala pang'ono kufika pamsika, tcheni chinaduka. Ndinaikankha njingayo mpaka pansi pa mtengo wa mango pomwe bambo wina, Che Twaibu, amakonza njinga ndi kuwotcherera zitsulo. Ndi munthu wamfupi, wa ndevu za imvi, kachipewa koyera kumutu, wosachulutsa zonena. Anandipatsa kabenchi n'kuyamba ntchito, ine n'kuyamba kudzitama kuti ndimalemba m'nyuzi, ngakhale sanandifunse.

Ndili chikhalire ndinamva kulira kwa mateyala osowa mafuta, kwiii, kwiii, kuchokera kuseri kwa shedi. A kabaza amene anali pamthunzi anayamba kuseka, ati bwana afika ndi galimoto yawo. Nditacheuka ndinaona galu wofiirira akuyenda ndi miyendo yakutsogolo yokha. Chiuno chake chinali pa kangolo ka mateyala awiri a njinga ya mwana, chomangidwa ndi malamba a chikwama chakale. Pambuyo pake pankabwera mayi wachikulire atagwira chingwe.

Nanenso ndinayamba kuseka. Kusekako kunatha nditaona khutu lakumanzere long'ambika ndi banga loyera pachifuwa.

Galu uja anaima, n'kukweza mphuno. Anatulutsa kamawu kamene sindinakamvepo chiyambire kuweta agalu, kuuwa ayi, kulira ayi. Kenako anathamanga, kangolo kakudumphadumpha pamiyala, mpaka chingwe chinapulumuka m'manja mwa mayi aja. Anafika n'kulowetsa mutu pakati pa mawondo anga, thupi lonse likunjenjemera. Mchira wake sugwedezekanso masiku ano, choncho ankagwedeza mapewa ndi khosi.

Dzina lake ndi Mbaula. Tinamutcha choncho chifukwa ali kamwana sankachoka pambali pa mbaula, mpaka tsiku lina anapsa ndevu. Anatilondera pakhomo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo khutu lija analing'ambitsa polimbana ndi galu wachilendo amene ankafuna kuluma mwana wathu Tadala.

Che Twaibu anaika sipanala pansi n'kunena kuti, "Achimwene, galu ameneyu akukudziwanitu."

Apo m'pamene ndinayankha zija.

Kuti mumvetse kukula kwa bodzalo, ndikubwezeni m'mbuyo miyezi isanu, nthawi ya dzuwa lija loti phula amachita kumata kunsapato. Mbaula anagundidwa ndi galimoto pamsewu wa kufupi ndi kwathu. Sanafe, koma kuyambira m'chiuno kutsika zonse zinaleka kugwira ntchito. Ankakwawa ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ikukhukhuluzika pansi, ndipo ankadziipitsira pomwe wagona. Akazi anga, amake Tadala, ankamusambitsa m'mawa ndi madzulo, kumuyalira masaka pakhonde, kumudyetsa phala losakaniza ndi usipa. Ine ndinkadutsa nditagwira mphuno. Patatha sabata imodzi zilonda zinayamba, ntchentche n'kutipeza.

Kenako kunabwera uthenga woti Loweruka mphakati wathu ukumana kwathu. Kwa amene si Akatolika, mphakati ndi kagulu ka mabanja oyandikana kamene kamasonkhana kupemphera m'makomo mosinthana. Ndinayang'ana pakhonde paja, ndinayang'ana Mbaula. Anthu adzakhala pamkeka pano, fungo ili? Adzapita akunena chiyani za pakhomo pa munthu wolemba m'nyuzi? Sindinaganize zomusamutsira kuseri kwa khitchini tsiku limodzi lokhalo. Ndinaganiza zomuchotseratu.

Tsono kwathu kuno tili ndi kamwambo kosalembedwa, koma aliyense amakadziwa. Galu wako kapena mphaka wako supha ndi dzanja lako, ati tsoka lake limakutsata mpaka kwa ana. Ndiye timatani? Timataya. Ndipo kutayako kuli ndi malamulo ake. Umuike m'thumba kuti asaone njira. Uoloke naye madzi kuti fungo lakwawo limusokonekere. Ukamusiye pafupi ndi msika kuti mtima wako uzikuuza kuti ena amutola. Pobwerera usacheuke. Tikatero timabwera kunyumba mtima uli m'malo, n'kumati ife sitinaphe.

Malamulowo ndinawatsata onse, osadumphako ndi limodzi lomwe. Lachisanu m'mawa ndinauza amake Tadala kuti ndikupita naye kwa dokotala wa ziweto ku Balaka. Iwo anakondwa, n'kutenga chitenje chawo chobiriwira cha maluwa achikasu, kumukulunga nacho bwinobwino m'dengu kuti asagwedezeke panjira. Nditangokhota pomwe sakanandionanso, ndinaima, kumulowetsa m'thumba la feteleza ndi chitenje chomwe, n'kumanga kukamwa kwa thumbalo. M'malo molowera ku Balaka ndinalowera ku Nsanama. Ndinaoloka timitsinje tiwiri, ndinakamutula pathengo kuseri kwa msika, ndinamasulako chingwe pang'ono, ndipo sindinacheuke.

Taganizani bwino. Galu woti sakanatha kuchoka pakhonde kukafika pampopi, ine n'kumuphimba kumaso kuti asaloweze njira. Akanabwerera ndi miyendo iti? Miyezi yonseyi ndakhala ndikulizemba funso limeneli, koma yankho lake ndimalidziwa. Ndinkaopa maso ake, ndipo thumba lija linandithandiza kuti ndisawaone.

Kunyumba ndinakanena kuti dokotala wati palibe chochita, wamubaya jakisoni wogonetseratu, ndipo amukwirira konko ndi chitenje chake. Amake Tadala analira masana onse, n'kutsuka pakhonde akusisima. Loweruka mphakati unakumana pakhonde loyera bwino, ndipo amene anatsogolera pemphero ndinali ine.

Akuluakulu anati mlandu suola. Wanga unandidikira pansi pa mtengo wa mango, pa mateyala awiri.

Mayi aja anafika n'kutola chingwe, akupepesa kuti galu wandidetsa buluku. Dzina lawo ndi Mayi Chikopa. Anagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto zaka zambiri, ndipo atapuma anasandutsa khola lawo lakale la mbuzi kukhala mosungira agalu otayidwa ndi ovulala. Amawachiza, n'kuwafunira pakhomo pena. Anthu pa Nsanama amawatcha amake agalu, ena moseka, iwo n'kumavomera. Poona kuti galu wandikonda, anakhala pansi n'kuyamba kundifotokozera mbiri yake, ine ndikugwedeza mutu ngati mlendo.

Anati amene anamutola ndi Che Twaibu. Ankapita ku mzikiti masana pamene anaona thumba likugwedezeka pathengo, akhwangwala atatera pafupi. Mkati munali galu lilime lili panja, nyerere zitadzaza pazilonda. Anali atakhalamo masiku awiri. Anthu ambiri anali atadutsapo, ena n'kusuzumiramo kuti mwina muli chogulitsa, n'kupitirira. Che Twaibu anadula botolo la pulasitiki, anamumwetsa madzi, anabwereka wilibala n'kumukankha mpaka kwa Mayi Chikopa.

Apa ndiimepo kaye. Ine ndinakulira pakati pa Asilamu, ndipo ndakhala ndikuwaseka anzangawa kuti amathawa galu ngati aona njoka. Kwa iwo malovu a galu ndi najisi, chodetsa. Akakunyambita, usanapemphere uyenera kutsuka pamalopo kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Ndiye ife oweta agalu timadziyesa abwenzi a galu, n'kumati awa ndiwo adani ake. Koma pa Nsanama wotaya anali ine wa kolona m'thumba, wotola n'kukhala wa kachipewa koyera.

Mayi Chikopa anapitiriza. Masabata oyamba ankaganiza kuti sadzuka. Ankamutsuka zilonda ndi madzi a mchere, kumutembenuza kangapo patsiku kuti asaole mbali imodzi, kumufinya pamimba kuti akodze. Zilonda zitauma anayamba kumuyendetsa. Ankapisa nsalu pansi pa mimba yake n'kunyamula chiuno m'mwamba, galu akuponda ndi yakutsogolo, iwo akutsatira chowerama, kuzungulira bwalo m'mawa uliwonse mpaka msana wawo unayamba kudandaula. Madzulo ankamusisita miyendo yakufayo, kuipinda ndi kuiwongola. Mwezi wachitatu mwendo wakumanja unayamba kugwedezeka wokha, ndipo lero umakankhako pansi pang'ono.

Atatero anatulutsa nsalu ija m'chikwama kuti andionetse mmene amachitira. Inali yobiriwira, ya maluwa achikasu, yatha pakati chifukwa chokoka.

"Chimene chimandidabwitsa n'chitenje ichi," anatero. "Wotaya galu sakulunga chonchi. Pakhomo pamene anachokera panali munthu mmodzi womukonda."

Ndinayang'ana pansi ngati ndataya ndalama yachitsulo. Kenako ndinapempha madzi akumwa kuti pakamwa papeze chochita.

Kangolo kaja ndi ntchito ya Che Twaibu, ndipo ndi kachitatu. Koyamba kankagubuduka pokhota. Kachiwiri kanamusupula pantchafu. Kachitatuka anakapanga ndi zitsulo za bedi lakale, n'kukulunga mphira wa chubu paliponse pokhudza thupi. Tsiku limenelo Mayi Chikopa anabwera ndi galuyo kudzathiritsa mafuta kumateyala ndi kumangitsa lamba wina. Ndinaona ndi maso anga Che Twaibu atagwada m'fumbi, akuyeza lamba ndi zala, Mbaula n'kutembenuka kuwanyambita dzanja lonse mpaka m'kasukusuku. Atamaliza anapita pachidebe cha madzi, anatapa dothi, anapaka, n'kuyamba kutsuka akuwerenga chamumtima. Sanakwinye nkhope. Mayi Chikopa anati zakhala choncho ulendo uliwonse, miyezi yonseyi.

Pofuna kuoneka ngati mtolankhani, ndinawafunsa ngati sizimawatopetsa.

"Madzi alipo, dothi lilipo," anayankha akupukuta manja. "Kusamba ndi kwanga, achimwene. Ludzu linali lake."

Njinga itatha kukonzedwa, Mayi Chikopa anandigwira pamkono. Anati amva kuti ndimalemba m'nyuzi, ndiye ali ndi pempho limodzi. Ndikamulembe munthu amene anachita zimenezi, kuti kulikonse kumene ali awerenge, adziwe kuti galu wake sanafe. Ndinalonjeza kuti ndimulemba. Pochoka, Mbaula anayesa kunditsatira, iwo n'kumugwira, ine n'kuwonjezera moto kuti injini imize kulira kwake. Mpunga ndi nandolo sindinagule.

Ndiye ndi uyu ndikumulembayu, Mayi Chikopa.

Koma ndisanamalize kudzikwapula, ndikufunseni inu. Agalu owonda aja timawaona m'misika, pa Nsanama, pa Liwonde, pa Balaka, nthiti zili pamtunda, akuthamangitsidwa ndi miyala pa malo ophera mbuzi, mumayesa anamera ngati bowa? Aliyense anali ndi khomo ndi dzina. Wina anakalamba, wina anachita mphere, wina anabereka kawirikawiri, wina anaba nkhuku kamodzi. Eni ake ndi ife tomwe timadutsa pamenepo titavala bwino, n'kumati boma lichitepo kanthu pa agalu oyendayendawa.

Vuto lathu ndi loti galu timamuona ngati loko wa pachitseko, kungoti uyu amadya madeya. Loko akathyoka umataya n'kugula wina. Amaiwala ndi mdya nyemba, mtaya makoko saiwala. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinagona tulo tabwino chifukwa cha Mbaula, koma ine masiku khumi okha a fungo anandikwana.

Ndipo mwambo wa thumba uja ndi wochenjera kwabasi. Sutilola kupha, koma umatilola kusiya chamoyo chife chokha ndi ludzu, bola chifere kutali. Tsoka limene timaopa ndi la pa ife, za ululu wa nyamayo sitiwerengera. Akanakhala kuti dokotala weniweni anamuona n'kunena kuti palibe chochita, n'kumugoneka mwachifundo, bwenzi ndilibe mlandu. Ine kwa dokotala sindinapiteko n'komwe, ndinangobwereka dzina lake kuti ndinamizire mkazi wanga.

Kodi zimathera pa agalu? Ndani sadziwa khomo limene mwana wolumala amamulowetsa kuchipinda alendo akamabwera? Ndani sanamvepo za wodwala amene abale anamusiya kuchipatala, n'kunena kuti akukatenga zovala, osabweranso? Nanga nkhalamba zimene timazitumiza kumudzi zikayamba kudziipitsira, n'kumati kumeneko kuli mpweya wabwino? Mwezi wathawu ndinkalemba zimenezi ngati nkhani za anthu ena. Pano ndikudziwa mmene zimayambira. Zimayamba ndi funso loti alendo adzati chiyani.

Nditafika kunyumba Lachiwiri lija dzuwa linali lisanalowe. Amake Tadala anali pakhonde akusankha nyemba. Anandifunsa za mpunga, ndinati tcheni chinandichedwetsa. Kenako anayang'ana buluku langa, anatambasula dzanja, n'kutola ubweya wofiirira pabondo. Anauyang'anitsitsa. Ndinakhala pansi pomwe paja pankagona Mbaula, n'kuulula zonse, kuyambira thumba mpaka chitenje.

Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo kukanandipepukira. Iwo anangoika lichero pansi.

"Ndiye miyezi yonseyi ndakhala ndikulira galu wamoyo," anatero. "Loweruka lija, abambo ake Tadala, munkapemphera kwa ndani?"

Kenako anati mawa tilawire, tikamutenge.

Lachitatu tinafika kwa Mayi Chikopa m'mawa. Mbaula atamva mawu a amake Tadala anagwetsa mbale ya madzi pothamanga. Iwo anakhala pansi m'fumbi, chitenje chatsopano chomwecho, n'kumufungatira akulira. Mayi Chikopa anaima pakhomo la khola akutiyang'ana, ndipo ndinaona kuti azindikira ndisanatsegule pakamwa. Komabe ndinaulula. Che Twaibu anali pompo, atabweretsa nati ya teyala la kangolo imene inasowa dzulo lake. Ndinawapepesa powanamiza. Anati ankadziwa kuyambira pomwe galu anathamanga, chifukwa galu sanamizira kudziwa munthu, koma sanafune kundivula pamaso pa a kabaza.

Ndinapempha kuti atibwezere galu wathu. Ndinalonjeza zonse: kumusambitsa ndekha, kumuyendetsa m'mawa, kuphunzira kumusisita miyendo. Ndimatha kulankhula ine, ndipo tsiku limenelo ndinalankhula ngati wopempha mbeta.

Mayi Chikopa anandisiya mpaka mawu anandithera. Kenako anati galuyu ali kale ndi kopita. Kuli mayi wina wamasiye ku Nkaya, Anabanda, woweta nkhuku, amene nyumba yake ili pafupi ndi njanji. Agalu ake awiri anaphedwa ndi sitima chifukwa choyendayenda, ndipo akuba akumuvutitsa. Akufuna galu wa pakamwa, wosatuluka kumpanda. Wabwera katatu kudzaphunzira kumumanga pakangolo, kumumasula kuti apume, ndi kumufinya pamimba. Bwalo lake ndi losalala, ndipo wachotsa kale chitsa chimene chikanakola mateyala. Mawu anaperekedwa, ndipo sabwezedwa.

Ndinati koma taonani mmene akutikondera, iye mwini watikhululukira.

"Galu sasunga mangawa, bambo," anatero Mayi Chikopa. "N'chifukwa chake ndimamusungira ine. Akadzadwalanso, alendo akubwera Loweruka, ine sindidzakhalapo."

Mawu amenewo anandilasa, koma chimene chinandipweteka koposa chinali kuona amake Tadala akuimirira, kusasa fumbi, n'kuvomereza kuti amayiwa akunena zoona. Iwo sanalakwe kanthu. Anamusambitsa, anamukulunga, anamulira. Chifukwa cha ine anataya galu wawo kawiri, ulendo uno akumuona ndi maso. Mayi Chikopa anawagwira dzanja n'kunena kuti ku Nkaya si kumwamba, adzawalozera nyumba, azikamuona.

Panatsala vuto limodzi. Ma minibasi awiri anali atakana kale kunyamula galu, ndipo Anabanda alibe njinga. Mayi Chikopa anayang'ana njinga yanga, n'kundiyang'ana ine. Anati poti kumunyamula ndikukudziwa kale, ndibwere Lachisanu.

Lachisanu ndinabwera ndi dengu lomwe lija. Tinayala chitenje chobiriwira chija, tinamukhazika Mbaula mutu uli kunja, kangolo n'kukamangirira pambali. Che Twaibu anayesa zingwe zonse ndi dzanja lake, anamusisita galuyo pamutu, n'kulunjika kuchidebe.

Tinadutsa njira yomwe ija chobwerera. Ulendo uno ankaona zonse, makutu akuuluzika ndi mphepo, akuuwa mbuzi iliyonse. Timitsinje tiwiri tija tinaoloka. Titalowa m'Liwonde, tisanafike n'komwe pokhotera kwathu, anayamba kulira ndi kukanda dengu, khosi atalitembenuzira kumene kuli nyumba. Njira ankaidziwa, thumba kapena popanda thumba. Amake Tadala anali ataima pamphambano ndi kajumbo ka usipa wowamba. Ndinaima. Anamudyetsa pang'ono, otsalawo anati ndikapereke kwa Anabanda, n'kuwauza kuti sakonda phala lotentha. Kenako anatembenuka n'kumapita kunyumba mofulumira.

Tinaoloka Shire, n'kutenga msewu wafumbi wa ku Nkaya. Ndinkayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mabampu, a njinga zakapalasa akundipitirira.

Anabanda tinawapeza akudikira pageti la mpanda wa udzu, mayi wamtali wowonda, nkhuku zili balalabalala pabwalo. Pansi pa mtengo anali atayala mphasa yakale ndi mbale ziwiri. Sanandilole kuthandiza. Anamutsitsa okha, anamulowetsa m'kangolo, anamanga malamba mwaluso, n'kupisa chala pansi pa lamba aliyense kuona ngati sakuthina. Mbaula anazungulira bwalo akununkhiza, anathamangitsa tambala pang'ono, ndipo sitima ya katundu italira chapatali anauwa ndi mawu ake onse akale. Anabanda anaseka, ati ameneyu ndiye amafunika pano.

Koma atamaliza kuzungulira anabwerera kwa ine, n'kulowetsa mutu pakati pa mawondo anga monga anachitira pa Nsanama. Anabanda anaona. Iwo ankayesa kuti ndine wa kabaza amene Mayi Chikopa amutuma.

"Kodi bambo, galuyu akukudziwani?"

Pabwalo panalibe a kabaza, panalibe a mphakati, panalibe wowerenga nyuzi ndi mmodzi yemwe. Bodza likanadutsa bwinobwino.

"Eya, mayi," ndinatero. "Dzina lake ndi Mbaula. Ndine amene ndinamutaya."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Sanatukwane, sanandilimbitsenso mtima. Anangofunsa kuti dzinalo ndilibwereze kuti aligwire bwino, analandira usipa uja, n'kugwira chingwe cha galu mwamphamvu kuposa poyamba.

Ndinatuluka, iwo n'kutseka geti. Lamulo lomaliza la mwambo wathu limati usacheuke, koma ulendo uno ndinacheuka. Mphuno yake inali pampata wa udzu, ndipo kuseri kwa mpanda kunkamveka kwiii, kwiii, akuyenda uku ndi uku kufuna potulukira. Ndinaima pamenepo mpaka ndinamva Anabanda akumuitana ndi dzina lake, mateyala n'kuyamba kulowera chakunyumba.

Dengu ndinabwera nalo lopanda kanthu, ndipo lili pakhonde mpaka lero chifukwa palibe amene akufuna kulichotsa.

Loweruka likudzali kwanu kukubwera alendo. Pakhonde panu pali ndani amene mukuganiza zomuchotsa asanafike?